Wochedwa Amaima Pageti

Atagwira choko zaka makumi awiri ndi ziwiri, Aphunzitsi anasiya sukulu n'kulowa ntchito ya njanji, koma dzina lauphunzitsi linawatsatira, khalidwe lakenso osatsala. Lero linali tsiku la mayeso awo omaliza m'kanyumba koyatsira nyali za sitima: akakhoza awalemba ntchito, akalephera alibe kolowera, poti kusukulu kuja anatsanzika ndi mawu oti sadzabwererako ngakhale atawagwadira.

Wowaphunzitsa ntchito anali a Ndime, mkulu amene chilichonse amayankha ndi ndime ya m'buku la malamulo. Sabata yoyamba Aphunzitsi anakhazikitsa lamulo lawo m'kanyumbamo: ukafunsidwa yankha, koma ukafuna kunena zako kweza dzanja, udikire kulozedwa. A Ndime sanaonepo lamulo n'kulisiya lamasiye, ndiye analilemba kuchikuto kwa buku lawo.

"Nthawi ili bwanji?" anafunsa Aphunzitsi, manja kumbuyo.

"Twente tu teni."

"Sitima imayenera kufika nthawi yanji?"

"Naini."

"Nanga icho chikubwera apocho n'chiyani?"

A Ndime anasuzumira pawindo. "Sitima."

"Ndikudziwa kuti ndi sitima!"

A Ndime anangokhala chete, poti limenelo silinali funso. Sitima inafika panyali yofiira, kunja kwa siteshoni, n'kuima. Inaliza hutala kamodzi, mwaulemu.

"Buku lanulo likuti chiyani?" anatero Aphunzitsi.

"Ndime seveni. Njanji ikakhala yopanda kanthu, kokani chitsulo, nyali ikhale yobiriwira, sitima ilowe."

"Za kuchedwa likuti chiyani?"

"Silikuti kanthu."

"Mwaonatu! Buku losamaliza. Wochedwa amaima pageti, bambo. Zaka twente-thu ndakhala pageti ine, palibe mwana anandidutsa belu litalira. Lero sitima indidutse? Iime pomwepo, iganizire zimene yachita."

Foni ya a Ndime inalira kauthenga. Anawerenga, anayang'ana sitima, anayang'ana Aphunzitsi, kenako anakweza dzanja.

"Mafunso kumapeto," anatero Aphunzitsi osacheuka n'komwe. "Inu mukuona ngati ine ndikuseka eti?"

"Ayi, simukuseka."

"Mukadakhala inu mukadatani?"

"Ndikadakoka chitsulo."

"Nanga bwanji simukukoka?"

"Ndime thwelofu. Tsiku la mayeso, chitsulo amagwira ndi woyesedwa yekha."

"Ehe! Ndiye kalasi ndi yanga."

Sitima inaliza hutala kawiri. Aphunzitsi anatembenuka pang'onopang'ono, ngati amva phokoso kubenchi lakumbuyo.

"Mwamva? Ikuyankha! Yachedwa yokha, ikuyankhanso mwamwano. Ndawonjezera mphindi zisanu. Ndani amene akuliza chimenecho?"

"Dalaivala."

"Ali ndi makolo?"

"Bambo ake anamwalira. Mayi ake alipo, koma miyendo imawavuta."

"Aa, inu! Sindimafunsa zimenezo!"

Dzanja la a Ndime linali lidakali m'mwamba. Analichirikiza pachigongono ndi dzanja linalo.

Aphunzitsi anatenga ovaova, kawailesi kolankhulira ndi dalaivala, n'kuyeretsa kukhosi. "Iwe dalaivala! Usandiuze za mvula, usandiuze za katundu, zonsezo ndinazimva kale kwa ana a sitandade faifi. Anzako amadzuka nthawi yanji? Ova!" Ovaova inayamba kulalata, iwo anaithimitsa n'kuiika m'thumba, monga ankachitira ndi malegeni olanda kwa ana.

Pamphambano ya njanji ndi msewu magalimoto anali atandandana mpaka kumsika. Mayi wina anatsika m'sitima, thumba pamutu, n'kuyamba wapansi kulowera kusiteshoni.

"Uyo akupita kuti?"

"Kusiteshoni."

"Walola ndani?"

"Palibe."

"Mwaona zotsatira za kulekerera? Mtengo umawongoka ukadali waung'ono. Sitimayi ili ndi zaka zingati?"

"Fote-wani."

"Ngakhale zili choncho. Ikazolowera kuchedwa n'kulowa ngati kwa amalume ake, mawa idzabwera masana. Mkuja idzatumiza kalata yoti ikudwala. Ndikunama?"

"Sitima silemba makalata."

"Bambo Ndime, kodi kwanu anthu amacheza bwanji?"

"Timakhala pakhonde."

Aphunzitsi anapukusa mutu. Pansi pa mtima ankaopa kulephera ndithu, poti m'mawa uja akazi awo anawasitira yunifolomu kawiri, osanena kanthu, ndipo kusanena kanthu kwa mayi amenewo kumapweteka kuposa kulalata. Koma anadzilimbitsa mtima. Woyesa mayeso akafika n'kuona sitima yathunthu itaima njo ngati mwana wolakwa, adziwa kuti njanji yapeza munthu.

"Mwambo umenewu kuno mulibe," anatero akuyendayenda. "Bwana woyesa akauona, mwina andidumphitsa kalasi. Amayenera kufika nthawi yanji?"

"Hafu naini."

"Pano ili bwanji?"

"Teni faifi."

"Nayenso wachedwa! Ha! Matenda ake ndi a banja lonse. Tsitsani dzanjalo, mukundichititsa chizungulire."

A Ndime anatsitsa dzanja lamanja, n'kukweza lamanzere.

"Bwana wamkulu wathunthu, kuchedwa tsiku la mayeso! Akanakhala wanga ameneyo bwenzi akuzula chitsa kuseri kwa ofesi. Kodi ali kuti?"

"M'sitimamo."

Aphunzitsi anatembenukira kuwindo.

"M'sitima iti?"

"Ilipo imodzi."

"Mwadziwa bwanji?"

"Anatumiza uthenga. Galimoto yawo inafa panjira, ndiye anakwera sitima. Ali m'bogi yachiwiri, pawindo lachitatu. Akuti akukuonani."

"Anatumiza nthawi yanji?"

"Kota tu teni."

"Mayo ine! Osandiuza bwanji?"

A Ndime anayang'ana dzanja lawo lili m'mwambalo, kenako anatembenuza buku n'kuwaonetsa chikuto. "Simunandiloze."

Aphunzitsi anadumphira chitsulo chija ndi manja awiri, chipewa n'kugwa. Nyali inasanduka yobiriwira. Sitima inadutsa pang'onopang'ono, dala, ngati mwana amene wamva kuti aphunzitsi aitanidwa kwa ahedi. Dalaivala anawabayibitsa. Pawindo lachitatu la bogi yachiwiri bambo wina wa tayi anayang'ana wotchi yake, anayang'ana kanyumba kaja, n'kulemba m'kope. Analemba nthawi yayitali, mpaka kutembenuza tsamba.

"Bambo Ndime," mawu a Aphunzitsi anali atachepa, "bukulo likuti chiyani za munthu woimitsa sitima popanda chifukwa?"

"Ndime sate. Woyesa amasankha: kubwereza maphunziro miyezi isanu ndi umodzi, kapena kubweza yunifolomu."

"Amamupatsa mpata wofotokoza?"

"Amaima panja pa khomo mpaka ataitanidwa. Kanyumba kamabwerera m'manja mwa womuphunzitsa." A Ndime anatsitsa dzanja, analikung'untha kuti magazi ayende, n'kukhala pampando wa pachitsulo.

Aphunzitsi anatola chipewa, anatuluka, n'kuima panja pa khomo, mapazi pamodzi. Kumunsi kwa masitepe kunamveka nsapato zikukwera, osafulumira. Panali chinthu chimodzi chokha chimene ankafuna kupempha nsapatozo zisanafike: kuti a Ndime awanenereko kamawu kabwino kwa woyesa, ngakhale kamodzi. Anatsegula pakamwa, anaona chikuto cha buku chili patebulo, anatseka. Kenako, pang'onopang'ono, anakweza dzanja.

A Ndime anawayang'ana mwachifundo ndithu.

"Mafunso kumapeto, Aphunzitsi."