Zigubu za Agogo Tòfol

Ansembe, abale nonse, ndine Coloma, mdzukulu wa malemu. Ndiyambe ndi zija mwakhala mukunong'onezana pogula buledi, zoti agogo anali ndi mkazi wamseri kuphiri. Ine miseche ndimaikonda, koma umenewu ndi wabodza.

Malemu a Tòfol Reynés anabadwa pa 3 Febuluwale 1947 konkuno ku Caimari. Sukulu anailekeza mu 1957 n'kuyamba kuweta nkhosa. Mu 1971 anakwatira agogo a Tonina, ndipo anagwira ntchito yoyenga mafuta a azitona mpaka 2012.

Mu 1983 kunabwera anthu ophunzira kudzafuna chule wa ku Mallorca, kachule kathu kaja kolira ngati wina akusula chitsulo patali. Agogo anawaseka: "Kameneko? Kandisokosa kuyambira ndili mbusa." Anawalondolera ku dziwe la m'chigwembe, ophunzirawo n'kuwauza kuti kunja kwa chilumba chino kachuleko kulibe. Kuyambira pamenepo, chilimwe chikawawa, agogo ankakwera ndi zigubu ziwiri kukathira madzi m'dziwemo kuti mbululu zisafe. Sankauza anthu poopa alendo odzajambula.

Pa 2 Ogasiti chaka chino anaterereka potsika n'kuthyoka chiuno. Kuchipatala anandigwira dzanja, amvekere: "Iwe wapakamwa iwe, Lachitatu ndi Loweruka, zigubu ziwiri. Usaphonye." Anatisiya dzulo, pa 7 Ogasiti.

Asiya agogo a Tonina, ana awiri, amayi anga a Aina ndi amalume a Colau, komanso ife adzukulu atatu. Tikuthokoza a Biel ndi a Nofre amene munawanyamula kuchoka kuphiri, ndi anamwino onse. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Amalume anati ndilekere pomwepa, koma pepani, sindingathe. Loweruka ndinazemba n'kupita ndekha. Chigubu chimodzi chinandikanika, ndinachisiya panjira. Kudziweko madzi atsala olekeza m'kakolo. Mbululu zaunjikana pakona, zina zaumira kale pamwala. Mvula ndi ya mu Sepitembala, ngati ingabwere n'komwe. Amalume akuti sangakwere, msana ukuwawawa. Amayi andiletsa kukwera ndekha, akuti: "Lero ndikuika bambo anga, ndidzaikenso iwe?"

Ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi basi, ndipo mawa ndi Lachitatu. Njira ndikuidziwa, ndi maola awiri, chigubu chimodzi ndisenza ndine. Ndani mwa inu akwere nane, asenze chinacho?