Mapasa pa Bolodi Limodzi

Pakhomo pa holo ya mpikisano wa chesi, mayi wina anamugwira mkono woweruza masewerowo.

"Bambo, mapasa angawa mwawakumanitsiranji? Kunyumba amamenyana kale. Ndawabweretsa kuti adzamenye ana a eni!"

"Kuno wogonja satuluka, mayi. Opambana timawapatsa opambana anzawo, ogonja ndi ogonja anzawo. Amene sanagonjepo ndi anu awiriwa basi."

"Ndiye mlandu wawo ndi nzeru? Apatseni wamagalasi uyo."

"Onse awiri amugonjetsa kale. Sitibwereza."

"Chabwino, asewere. Koma amagona bedi limodzi. Wogonjayo mupita naye kwanu, mudzambweze akatonthola."

"Akhozatu kulepherana, n'kugawana pointi, aliyense theka."

"Kugawana? Awa? Ankalimbirana bere limodzi, chonsecho mabere ndili nawo awiri!"