Chotupa cha pachikope chameranso

Aulutsi, ndine mayi wa ana atatu wa ku Chiparamba. Chonde werengani kalatayi momveka bwino.

Nkhondo itangotha, pachikope changa chakumanzere panamera kanthu ngati njere ya mapira. Sikankapweteka, koma kanakula mpaka diso kumavuta kutsegula. Ndinayenda wapansi kupita kuchipatala ku Fort Jameson. Adokotala anadula chotupacho nasoka chikope, ndipo wotanthauzira anandiuza kuti, "Mayi, mudzabwerenso pakatha miyezi itatu, ngakhale chilonda chitapola."

Chinapoladi. Mvula inagwa, udzu unadzaza m'munda wa mtedza, ine osabwererako. Anzanga omvera, akakuuzani kuti mudzabwerenso, muzipita.

Tsopano chameranso pachipsera pomwepo, ndipo chikutuluka magazi. Nditapitanso, adokotala anapukusa mutu. Akuti iwo sangathe, ndipite ku Lusaka msanga, apo ayi chilowerera mkati ndipo diso lidzachotsedwa.

Apongozi anga akana. Akuti, "Mkazi wamwini sapita ku Lusaka mwamuna wake osadziwa. Ukakafera kumeneko tidzayankha chiyani?" Ndagwada, ndalira, koma sakusintha. Amuna angawo ali kumigodi, chaka chachiwiri chino osalemba kalata.

Bambo a ana, ngati muli pafupi ndi wailesi, mwandizindikira. Sindikupempha nsalu ayi. Alembereni amayi anu mawu amodzi okha, akuti "apite". Diso lino likuonabe, koma m'mawa uliwonse ndimachita kukweza chikope ndi chala kuti ndione ana anu.