Ndinatchera wotchi ya makina, mnzanga ali m'thanki

Aulutsi, ndine bambo wa ku Ndirande, ndakalambira pafakitale ina ya zakumwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma za makina palibe amandiuza.

Chaka chatha anabweretsa makina atsopano, onse otenga nthawi ku wotchi imodzi ya pakhoma. Tsiku lina masana magetsi anazima n'kuyakanso, wotchiyo n'kumangophethira. Ainjiniya anali atapita kukadya, ndinali ndekha pawotchipo. Ndinati, "Aa, ndidikire ana adzulo pa nkhani ya wotchi?" Ndinayang'ana yanga yapamkono, n'kudina wani koloko.

Sindinkadziwa kuti kwa makinawo wani ya masana ndi 13. Iwo anayesa ndi usiku, nthawi imene amadzitsuka okha ndi madzi owira. Mapaipi anayamba kulira, mnzanga wa ku Bangwe ali m'thanki ya makinawo akukwecha.

Ndinakuwa, "Achimwene, tulukanimo! Mufa!" Anthu anathamanga, tinamukoka ndi malaya, koma mapazi anali atapsa kale.

Mabwana anati ndi vuto la magetsi, ine sindinaulule za wotchi ija. Mnzangayo mpaka lero amatsimphina. Tikakumana amandiyang'anitsitsa n'kuti, "Madala, nthawi ili bwanji?" Sindidziwa ngati amangofunsa, kapena akudziwa.