Gemu ya Bambo Leonard Imene Ndinaitsegula ndi Mpeni

Moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a ku Thamesmead kuno ku London, a ku Wembley, ndi inu a kwathu ku Chipata. Ndine Esnati, ambiri mumandidziwa kuti amake Tisa. Ena munaona kuti ndinasowa masabata angapo, ku kwaya osaoneka, foni osayankha. Lero ndalimba mtima kuti ndikuuzeni chimene chinachitika. Ndinaimitsidwa ntchito pondiganizira kuti ndaba, ndipo viza yanga inatsala pang'ono kupita, zonsezi chifukwa cha magemu akale amene ine ndinkangowaona ngati zinyalala.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Kampani imene inandilemba ndi yomwenso inandisainira viza, ndiye mukudziwa nokha kuti ntchito ikatha, mapepala nawonso amatsatira. Kwa chaka ndi theka ndinkapita ku Romford kwa Bambo Leonard, mzungu wachikulire amene akazi awo anamwalira kale. Pa unyamata wawo anali ndi kasitolo ka zidole ndi zamagetsi. Kasitoloko katatsekedwa, katundu wotsala anangomuunjika m'chipinda chapansi, n'kukhala momwemo zaka zambiri.

Miyendo itayamba kuwavuta pa masitepe, anaganiza zoika bedi m'chipinda chimenecho, ndipo anandipempha kuti ndiwathandize kusuntha makatoni. M'makatoni ena munali timabokosi ta magemu a pa TV akalekale, tokhala ndi zithunzi zowala, tonse tokutidwa ndi pulasitiki ya ku fakitale, tosatsegulidwa n'komwe. Ndinawafunsa kuti tiziike pati. Anaseka n'kunena kuti, "Palibe anazifuna nthawi ija, palibe angazifune lero. Tengako, Esnati, upatse ana. Ukapanda kutenga, Lachinayi zipita ndi galimoto ya zinyalala."

Ndinatenga timabokosi tisanu ndi titatu n'kuika m'jumbo yakuda. Pano ndiyenera kunena chilungamo. Lamulo la kuntchito limati mphatso iliyonse, ngakhale chokoleti, tizikanena ku ofesi. Ndinkalidziwa lamuloli, koma ndinati mumtima, kodi zinyalala nazonso ndi mphatso? Sindinanene.

Nditafika kunyumba ndinaganiza zoti ndiike magemuwo m'dilamu imene ndinkadzaza kuti nditumize kwathu. Koma malo m'dilamu ndi ovuta, ndiye ndinafuna kuona kaye ngati zinali zinthu zoyenera kutumiza. Ndinatenga mpeni wa kukhitchini, n'kucheka pulasitiki ya kabokosi kamodzi. M'kati munali kachinthu kotuwa kokhala ngati kaseti, ndi kabuku. Ndinaona kuti popanda makina ake akale sichingagwire ntchito. Ndinabwezera zonse m'jumbo muja, n'kuponya pamwamba pa wodirobu, n'kuiwala.

Patapita miyezi inayi Bambo Leonard anachita sitiroko. Anawagoneka m'chipatala, mbali imodzi yosagwira, mawu osatuluka. Mwana wawo wamkazi, Karen, amene amakhala kutali ndi London, anabwera kudzakonza nyumba. Makatoni otsala aja anali adakalipo, chifukwa bambowo anaiwala zowataya. Karen anaitana munthu wogula zinthu zakale kuti adzaone ngati muli chogulitsika, ndipo munthuyo ndi amene anamuuza kuti magemu osatsegula ngati amenewo masiku ano anthu amawalimbirana ndi ndalama zoopsa. Karen ataona kuti katoni imodzi ya magemuwo ndi yosadzaza, anafunsa mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Mayiyo anati tsiku lina anaona wantchito akutuluka ndi jumbo yakuda yodzaza.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinali pamalo odikirira basi, yunifomu ili m'thupi, pamene manija wathu anandiimbira. Mawu ake anali ouma, osati monga amandilankhulira masiku onse. Anati ndisapite kwa kasitomala aliyense kufikira atandiuza, kwabwera dandaulo lakuti ndinachotsa katundu wamtengo wapatali m'nyumba ya munthu wosatha kudziteteza, ndipo banja likuganiza zopita kupolisi. Basi inabwera, inatsegula chitseko, inapita, ine ndili chiimire.

Ndinabwerera kunyumba, ndinakwera pampando n'kutsitsa jumbo ija. Ndinalemba dzina la gemu imodzi pa foni kuti ndione chimene akunena. Abale anga, ndinakhala pansi penipeni. Kabokosi kamene ndinkakaponya uku ndi uku kanali pa mtengo woposa malipiro anga a miyezi ingapo. Ndinawerenga kuti pali anthu akuluakulu, ena a imvi, amene amagula magemuwa osati kuti asewere, koma kuti angowasunga m'magalasi. Kwa iwo chofunika ndi pulasitiki ija. Ikakhala yosakhudzidwa mtengo umakwera kumwamba, ikangong'ambika basi, umagwa n'kutsala kachigawo kakang'ono. Kenako ndinalemba dzina la gemu imene ndinacheka. Pa magemu asanu ndi atatu aja, yodula kwambiri inali yomweyo.

Masiku otsatira sindikufuna ngakhale mdani wanga adzawaone. Munthu akagogoda pakhomo, mtima unkandithawa, ndinkati apolisi afika. Envelopu iliyonse yogwa pachitseko ndinkaiyang'ana kaye kwa nthawi ndisanaitole. Mwana wanga Tisa ali kusekondale kuno, ndipo mapepala ake amadalira anga. Ndinkamuona akuvala yunifomu m'mawa n'kumaganiza kuti ndidzamuuza bwanji kuti tikubwerera kwathu, osati mwakufuna, koma chifukwa amake atchedwa wakuba. Ndipo munthu mmodzi yekha amene akanandiikira umboni anali chigonere m'chipatala, wosatha kutchula ngakhale dzina lake. Manija anandiletsa kupita kukawaona.

Woyamba kumuuza anali msuweni wanga Gift, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mafoni ku Wembley. Anabwera, anatembenuza kabokosi kotsegulako kangapo, n'kunena kuti, "Asisi, izi n'zazing'ono. Kuntchito tili ndi makina okutira mabokosi ndi pulasitiki. Ndipatseni, mawa ndibwera nako kali ngati katsopano. Mubweze zonse zili bwinobwino, nkhani ithe."

Sindikubisirani, ndinamupatsa. Anakaika m'chikwama chake, anafika mpaka pachitseko. Koma mantha ena anandigwira, osiyana ndi aja a apolisi. Ndinaona kuti kufikira tsiku limenelo ndinali munthu wolakwitsa lamulo la kuntchito, koma kabokosiko kakangotuluka pakhomo ndikhala wachinyengo weniweni. Ndinamuitana kuti abweze. Gift anakwiya, anati, "Mudzandikumbuka muli pa eyapoti." Atapita ndinalira, chifukwa sindinkadziwa ngati ndachita mwanzeru kapena ndadziponya ndekha m'dzenje.

Mawa lake ndinapita kwa amai Zulu, amene amatitsogolera ku mapemphero a amayi. Ndinawafotokozera zonse, ndi za Gift zomwe. Sanandinyengerere. Anati, "Amake Tisa, munalakwa posanena ku ofesi, zimenezo mukavomere ndi pakamwa panu. Koma simunabe. Tiyeni tipemphe chinthu chimodzi, kuti Mulungu adzutse wokulankhulirani." Tinagwada pa kapeti ya m'chipinda chawo chochezera. Ine mawu anali atandithera, ndinkangobwereza kuti, Ambuye, mukudziwa zimene bambo aja ananena, Inu munalipo.

Sabata yachitatu anandiitana ku ofesi ndipo anati ndibwere ndi katundu yense. Amai Zulu anandiperekeza, koma anawasiya pa mpando wa panja. M'chipindamo munali manija, Karen, ndi bambo wina wamtali wovala magalasi, dzina lake Colin. Ameneyu ndi wosonkhanitsa magemu akale, ndipo Karen anamubweretsa kuti aone ngati sindinasinthe kanthu. Karen sanandiyankhe moni. Maso ake anali ofiira, ndipo ndinazindikira kuti nayenso anali asakugona.

Ndinafotokoza mmene zinakhalira, mawu akunjenjemera. Karen anati, "Ndiye mukufuna ndikhulupirire kuti bambo anga anakupatsani chuma chonsechi, inu osauza aliyense?" Ndinati, "Sindinkadziwa kuti ndi chuma. Kusanena ku ofesi ndinalakwa, ndikuvomera."

Colin anavala magolovesi oyera n'kuyamba kutulutsa timabokosi kamodzikamodzi. Anatenga kagalasi kokuzira zinthu ndi katochi, n'kumayang'ana mmene pulasitiki inalumikizidwira m'mbali. Anauza Karen kuti chinthu choyamba chimene amafufuza ndi chakuti kaya wina anakutanso bokosi ndi pulasitiki yatsopano, chifukwa akuba ambiri amatero, ndipo iye amazindikira msanga. Ndikanamvera Gift, bwenzi nditathera pomwepo, pamaso pa manija.

Atafika pa kotsegula kaja, anaima. Anakagwira ndi manja awiri ngati wanyamula mbalame yovulala. Anafunsa kuti, "Anatsegula ndani?"

"Ndine," ndinatero.

"Ndi chiyani?"

"Ndi mpeni umene ndimadulira anyezi."

Anavula magalasi n'kudzigwira kumaso. Ndinati basi, ndatha. Koma anatembenukira kwa Karen n'kunena kuti, "Mayi, ine sindinalipo, sindinganene zimene bambo anu analankhula. Koma ndakhala zaka zambiri pa zinthu izi ndipo akuba ndawaona. Wodziwa chimene watenga sacheka pulasitiki, ndipo sasunga miyezi inayi zinthu zimene akanagulitsa tsiku limodzi. Komanso m'katoni ija munandionetsa kunyumba kwa bambo anu munatsala magemu awiri odula kuposa onsewa, ali pamwamba penipeni. Munthu uyu sankadziwa chimene wanyamula."

Munthu ameneyu sindinkamudziwa, sanali wa mpingo wathu, ndipo anabwera ku mbali ya wondiimba mlandu. Ndi amene Mulungu anamutsegula pakamwa.

Manija anati apitiriza kufufuza, ndipite kunyumba. Ndinatuluka ndisakudziwabe mathero anga, ndipo masiku awiri otsatira mantha anali pomwepo, chifukwa mawu a Colin anali maganizo chabe, sanali umboni.

Tsiku lachitatu masana foni inalira, nambala yosaidziwa. Ndinaiyang'ana mpaka inatsala pang'ono kuduka. Anali Karen. Anati anatenga kabokosi kamodzi n'kupita nako kuchipatala. Bambo ake anali atayamba kutulutsa mawu amodziamodzi mothandizidwa ndi wowaphunzitsa kulankhula. Anawaonetsa kabokosiko n'kuwafunsa ngati wina anawatengera. Bambowo anapukusa mutu. Analimbana ndi lilime kwa nthawi, kenako anatchula dzina langa, n'kukankha kabokosiko ndi dzanja logwira lija monga mmene munthu amachitira popatsa mnzake chinthu. Atawafunsanso kachiwiri kuti atsimikize, anakwiya, n'kutulutsa liwu lina limodzi lomveka bwino: "Zinyalala."

Karen ankalira pa foni, inenso ndinkalira. Anati, "Ndinakuchitirani zoipa. Ndinali ndi mantha ndi za bambo anga, ndipo ndinafuna wina woti ndimukwiyire." Tsiku lomwelo anachotsa dandaulo lake.

Sindikuuzani kuti ndinatuluka wopanda bala. Kampani inandipatsa kalata ya chenjezo chifukwa chosanena za mphatso, ndipo ndinaisaina popanda kutsutsa, pakuti inali yoona. Magemu onse ndinabweza, ndipo anagulitsidwa kuti athandize pa chisamaliro cha Bambo Leonard. Za gemu yotsegula ija Karen anati ndisazitchulenso. Ine sindinapezepo ngakhale paundi imodzi, ndipo sindikuifuna. Ndinapeza dzina langa, ntchito yanga, ndi sukulu ya mwana wanga.

Bambo Leonard atatuluka m'chipatala, Karen anapempha ku ofesi kuti wowasamalira akhale ine. Tsiku loyamba ndinaima pageti nthawi yaitali, ndikuopa kulowa. Nditalowa ndinawapeza pa mpando wa matayala pafupi ndi windo. Anandiyang'ana, anagwira dzanja langa, n'kulifinya osalisiya mpaka tiyi anazizira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira pachitseko paja pamene ndinatsala pang'ono kudziwononga ndekha. Ndikuthokoza amai Zulu amene anakhala maola awiri pa mpando wa panja akupemphera, ndi inu amene munkanditumizira mauthenga ngakhale sindinkayankha. Anzanga a ntchito ya m'nyumba za anthu, chonde, chilichonse chimene mwapatsidwa kanenani ku ofesi, ngakhale chioneke chopanda pake.

Ndipo iwe mlongo wanga, iwe mbale wanga, amene lero ukudzidzimuka foni ikalira, amene wanamiziridwa ndipo wokuikira umboni sukumuona, ndikudziwa zimene ukudutsamo. Mantha adzakuuza kuti ukonze zinthu ndi bodza laling'ono. Usavomere. Nena zoona ngakhale mawu akunjenjemera, ndipo upitirize kugwada. Ine wondilankhulira ndinalibe, koma Mulungu anandipezera awiri: mlendo amene anabwera kudzandigwira, ndi nkhalamba imene madokotala sankadziwa ngati idzalankhulanso. Dzina lake lilemekezeke. Ameni.