Mbiri ya a Wimu, Mkamwini Amene Sitinawauze Kuti Akhale

Malemu bambo Willem Steenhagen, amene kuno tonse tinkangoti a Wimu poti dzina lenilenilo linkatipinda lilime, anabadwa pa 14 Malichi 1951 mumzinda wa Tilburg, m'dziko la Netherlands limene ambirife timati Holande. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana atatu. Bambo awo ankagwira ntchito pafakitale yoluka nsalu, mayi awo ankasoka zovala pakhomo, ndipo banjalo linali la Chikatolika ngati ife tomwe.

Mafumu, Bambo Mfumu, akhristu anzanga, abale athu achisilamu amene mwachokera ku Dedza boma, ndi nonse amene mwadzakhuza maliro ano: ine ndine Damiano Zikhalo, mlamu wa malemu, mchimwene wake wa malemu Agnesi amene anali mkazi wawo, komanso mwinimbumba wa banja lino. Ndiyambe ndavomera kuti theka la mbiri imene ndikuwerengayi ndalidziwa Lachitatu lapitali. Andilembetsa ndi mayi Sandra, mwana wa mlongo wawo wa malemu, amene abwera kuchokera ku Holande ndipo akhala apowo. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinakhala khomo loyang'anizana ndi a Wimu, kubwerekana makasu ndi pampu ya njinga, koma sindinawafunsepo kuti kwawoko anali yani. Manyazi andigwira, ndipo lero sindibisa kanthu.

Malemu anayamba sukulu mu 1957. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu analowa kwaya ya parishi yakwawo. Mu 1969 anamaliza sekondale n'kulowa koleji ya zauphunzitsi, koma mu 1971 anaisiyira panjira chifukwa mtima unali pa gitala. Bambo awo anakwiya kwambiri moti anatha zaka ziwiri osalankhulana nawo.

Mu 1972 anayambitsa bandi pamodzi ndi anzawo atatu, n'kumaimba m'maukwati ndi m'maholo. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1975. Chaka chotsatira anapeka nyimbo yonena za makina osokera a mayi awo, ndipo nyimboyo inawanda m'dziko lonselo, pawailesi ndi pakanema pomwe. Pofika mu 1983 anali atatulutsa zimbale zisanu ndi chimodzi, atakaimbanso ku Belgium ndi ku Germany. Mayi Sandra andionetsa chithunzi cha nthawi imeneyo: mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa, thalauza yotambalala kumiyendo, gitala pachifuwa, kutsogolo kwake anthu osawerengeka atakweza manja. Ndinapukuta magalasi anga kawiri. Abale inu, ndi a Wimu omwewa amene ife tinkawatuma kuchigayo!

Mu 1984 anawapeza ndi chotupa pakhosi. Opaleshoni inayenda bwino, moyo unapulumuka, koma mawu anasasa mpaka kalekale. Bandi inatha, oimba nawo anabalalika, ndipo malemu anakhala zaka zingapo osafuna n'kuonekera komwe pagulu.

Anafika kuno ku Malawi mu 1990, pansi pa bungwe lina la mpingo limene linkathandiza anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Achikulire mukukumbukira mmene misasa inadzazira m'malire muno. A Wimu ankayendetsa lole yogawa ufa ndi nyemba, Loweruka n'kumaphunzitsa ana nyimbo. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mlongo wanga Agnesi, mphunzitsi wa pulayimale, amene panthawiyo anali namfedwa wokhala ndi mwana mmodzi, Kettie. Ukwati wawo unadalitsidwa m'tchalitchi cha ku Bembeke pa 20 Ogasiti 1994. Poti analibe mbale kuno, nkhoswe yawo anali Bambo Yohana, wansembe wochokera kwawo komweko.

Tinawafotokozera kuti kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Ena tinkati mzungu sangalole chikamwini, atenga mlongo wathu n'kupita naye kutauni. Iwo anangoseka, naumba njerwa, namanga nyumba ija mwadutsa pobwera kuno. Chichewa anachiphunzira mpaka kumatha kuseka nthabwala za adzukulu pamaliro. Kumunsi kwa mudzi kunali chithaphwi chimene aliyense anachitaya kuti ndi cha achule ndi udzudzu. A Wimu anachipempha, nakumba ngalande monga amachitira kwawo, ndipo patatha zaka zitatu panali dimba la mbatata ya kachewere ndi kabichi, mapichesi atazungulira m'mbali. Kettie anamulera ngati wobereka okha, namuphunzitsa mpaka anakhala namwino. Lero akugwira ntchito ku South Africa.

Kutchalitchi chathu chaching'ono analowa kwaya. Apa ndiye pamene manyazi anga akuyambira. Chifukwa cha mawu osasa aja tinawaimika mzere wakumbuyo, kenaka tinawapempha kuti azingoliza gitala, kuimbako atisiyire eni ake. Achinyamata anawapatsa dzina lakuti a Chule, ndipo ine, mkulu wa mpingo wathunthu, ndinkaseka nawo. Komatu amene ankagawa mawu a nyimbo zathu, kuti awa ayambe apa, awa alowe apa, anali iwowo. Chaka chimene kwaya yathu inapambana pampikisano wa makwaya, chithunzi chinajambulidwa ndipo chikadali pakhoma m'tchalitchimo. Mukachiyang'ane, a Wimu mulibe. Iwo ndiwo tinawapatsa kamera kuti atijambule.

Agnesi anadwala matenda a shuga kwa zaka zinayi. Malemu ankamusambitsa okha, kumuchapira, kukamutungira madzi kumjigo pakati pa amayi. M'malo mothokoza, ife amuna a m'mudzi muno tinkanong'onezana kuti mlamu anadyetsedwa khuzumule. Agnesi anatisiya pa 3 Epulo 2017, ndipo tinamuika m'manda athu awa.

Mu Ogasiti chaka chomwecho tinachita mwambo wosudzula. Kwa alendo amene simuudziwa, mwambowu umati mkazi akamwalira, pakapita miyezi, abale ake amamasula mwamunayo, kumuuza kuti tsopano ali ndi ufulu wobwerera kwawo. Mwambowo ulibe mlandu, ndipo pasapezeke wina wochoka pano n'kumakanena kuti Zikhalo wanyoza mwambo. Tonse tikudziwa mmene zimayendera akakhala mkamwini wokalamba, wokhala bwino ndi anthu: nkhoswe yake imaimirira n'kumupemphera malo, kapena eni mbumba amawonjezera okha liwu limodzi lakuti khalani. Nkhoswe ya a Wimu, Bambo Yohana, inali itamwalira mu 2009. Kettie anali atabwerera kuntchito. Panalibe wowalankhulira, ndipo ife tinkadziwa bwino lomwe kuti palibe.

Amene analankhula tsiku limenelo ndine. Ndinanena mbali yoyamba, yakuti amasuka ndipo atha kubwerera kwawo, n'kulekera pomwepo. A Wimu anandiyang'ana nthawi yaitali, kudikira ngati pali mawu ena. Ine maso anali pansi, ndikutokosa dothi ndi kamtengo. Chifukwa chake ndichinene pano pamaso pa Mulungu ndi pa inu: ana anga ankalifuna dimba lija, nanenso ndinkalifuna. Si china ayi, abale anga. Kabichi basi.

Malemu anawomba m'manja mwaulemu monga tinawaphunzitsira, nathokoza chifukwa chowasunga. Patatha masiku atatu anasiya makiyi a nyumba kwa akazi anga, namangirira gitala ndi chikwama chimodzi panjinga. Ife tinadzitonthoza kuti mzungu sasowa kolowera, mawa lomwe akwera ndege. Sanakwere ndege. Bambo Yasini Saidi, a golosale ku Dedza boma, amene kwa zaka zambiri ankawagula kachewere, anawaona akukankha njinga pamsewu ndipo anawapatsa chipinda kuseri kwa golosale yawo. Kettie akaimba foni, a Wimu ankamuuza kuti anasamuka okha kuti ayandikire chipatala. Ankabisa manyazi athu, ife eni ake tili phee.

Anakhala kumeneko zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Pa 3 mwezi uliwonse ankabwera kuno, poyamba panjinga, miyendo itayamba kukana pa minibasi, kwinako n'kumalizira wapansi. Mukudziwa kuti kumanda salowako munthu popanda chilolezo cha mfumu, ndipo wokapempha chilolezocho m'malo mwa mkamwini ndi mwinimbumba. Mwinimbumbayo ndine. Sanafune kundivutitsa, nanenso sindinadzipereke. Choncho ankaima kunja, pansi pa msuku uja uli m'mphepete mwa njira, n'kuvula chipewa, n'kumuimbira Agnesi ndi mawu awo osasa omwewo. Kudimba kuja mawuwo ankamveka bwinobwino. Ena ankati mzungu wapenga. Ine ndinkangowerama n'kumapalira m'mizere imene anakonza iwo, kudikira kuti amalize azipita. Ngakhale madzi akumwa sitinawaitanirepo.

Anayamba kutsokomola mu Meyi chaka chino cha 2025. Chisanu cha Juni chitalowa, anadwala chibayo. Bambo Yasini ndi mayi Rukia, akazi awo, ndiwo anapita nawo kuchipatala, kuwaphikira phala ndi kuwadikirira. Uthenga anatumiza kwa ine kawiri. Kawiri konseko ndinayankha kuti ndibwera ndikamaliza kukumba kachewere. Ataona kuti zafika povuta, a Yasini, Msilamu, ndiwo anathamanga kukaitana wansembe kuti adzawadzoze mafuta a odwala, ntchito imene inali yanga ine mkulu wa mpingo. Malemu anatsikira kuli chete Lolemba pa 9 Juni 2025, cha m'ma teni koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi.

Uthenga utafika ku Holande, akuti mawailesi anayambanso kuika nyimbo zawo, ndipo abale awo kumeneko anakonza zonse kuti thupi likaikidwe kwawo. Mayi Sandra anabwerera zimenezo. Koma a Yasini anatulutsa kalata imene malemu anawasungitsa, yolembedwa m'Chichewa, pamwamba pali dzina langa. M'kalatamo anayamba ndi kupepesa ngati panali pamene analakwira mbumba yathu osadziwa. Gitala anati ipite kukwaya. Kenaka anapempha kuti, ngati eni mbumba angalole, adzagone pafupi ndi Agnesi. Anati akudziwa kuti mtembo wa mkamwini umabwerera kwawo, choncho zikakhala zosatheka asavutike nazo anthu, angowakumbira kunja, pansi pa msuku paja, poti anapazolowera kale.

Kalatayo ndinayamba kuiwerenga mokweza pamaso pa mbumba, koma sindinaimalize. Anaimaliza ndi Kettie, amene anali atafika kuchokera ku South Africa. Atatha anandifunsa, mbumba yonse ikumva, kuti bambo ake anasowa chiyani chimene akamwini ena a m'mudzi muno ali nacho. Kettie mwana wa mlongo wanga, ndinakulakwira iwe, ndinalakwira mayi ako, ndinalakwiranso bambo ako. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa, koma pepa.

Mbumba inakhala pansi Lachinayi. Tagwirizana kuti nyumba ndi dimba zibwerere m'manja mwa Kettie, ndipo ana anga achotsamo makasu awo. Ndinapita ndekha kwa mfumu kukapempha chilolezo chimene ndinayenera kupempha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo mfumu sinachedwe n'kuvomera komwe. Mayi Sandra, atamva zonse zimene tinachita, akanatha kutikaniza. Anangoti zofuna za amalume awo zichitike. Adzukulu akumba manda kudzanja lamanja la Agnesi.

Malemu asiya mwana mmodzi, Kettie, ndi zidzukulu ziwiri, Samuel ndi Susan. Ku Holande asiya mlongo wawo, amene alephera kubwera chifukwa cha ukalamba, ndi mwana wa mlongo wawoyo, mayi Sandra. Asiyanso alamu, ngati dzina limenelo likutiyenerabe.

M'malo mwa banja ndikuthokoza mafumu potipatsa malo, Bambo Mfumu chifukwa cha Misa, madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, adzukulu, amayi amene ali kumoto chiyambire dzana, ndi kwaya, imene lero yaimba nyimbo zonse motsata mmene malemu anazigawira. Koposa onse ndikuthokoza bambo Yasini Saidi ndi mayi Rukia. Sanali abale awo, sanali a mpingo wawo, koma anachita zimene abale ndi a mpingo tinazithawa. Mulungu akubwezereni, ife sitingathe.

Tikanyamuka pano, njira ya kumanda idutsa pa msuku paja. Ndikupempha onyamula bokosi kuti pamenepo musaime, musachepetse n'liwiro lomwe. Aimapo mokwanira.

A Wimu, mlamu wanga, pamwambo uja ndinasiya liwu limodzi. Ndikulinena lero mochedwa, mudzi wonse ukumva: khalani. Kwanu ndi kuno.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo mzimu wa bambo Willem Steenhagen uuse mumtendere pafupi ndi mkazi wawo.