Chikombole Chopendekeka

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Nangongwe. Ine ndine mayi wopanga zipewa, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ntchito ya manja anga inatsalira pang'ono kufa, ngakhale kuti mpaka lero pali zina zimene mutu wanga sunazigwire bwino.

Kale ndinkagwira ntchito pafakitale ya nsalu. Boma litayamba kugulitsa makampani, salaula, zovala zakale zochokera kunja, n'kudzaza m'misika, ambiri tinauzidwa kuti tizipita kwathu. Kapitawo amene anatiuza mawuwo anali a Mweemba, ndipo kwa zaka zambiri ndinkati ndikawaona pamsewu ndinkakhotera kwina. Chimene chinalera ana anga ndi zipewa za amayi zovala kutchalitchi ndi kuukwati. Chipewa sichipangidwa m'malere. Pamafunika chikombole cha mtengo chooneka ngati mutu wa munthu. Umayalapo nsalu yonyika m'sitachi, kuifewetsa ndi nthunzi ya m'ketulo, kuikoka ndi kuimanga mpaka iume. Zikombole zanga anandisemera mkulu wina wosema mabwato ku Chanyanya, koma anatisiya kalekale.

Chaka china abusa athu ankakwatitsa mwana wawo wamkazi, ndipo amayi busa anandipatsa ntchito yopanga zipewa zawo ndi za azakhali onse. Nditatsitsa zikombole pamwamba pa kabati, zinangofumbutuka m'manja. Chiswe chinali chitadya mkati monse n'kusiya khungu lokha. Ndinazungulira akalipentala a m'tauni, wina mpaka anandisemera chinthu chonga kamtondo kosinjira nsinjiro. Mantha anandigwira, chifukwa ndinadziwa kuti ndikakhumudwitsa ukwati wa abusa, palibe mayi wa mumpingo amene adzapondenso pakhomo panga. Ndinasala kudya, pemphero langa lili limodzi: Ambuye, nditumizireni mmisiri wa mtengo.

Amene anabwera ndi a Mweemba. Tinapanikizana mpando umodzi m'minibasi, kopanda kothawira, ine nditafukata chimodzi mwa zikombole zodyedwazo m'chitenje. Atandifunsa ndinayankha mokakamizika. Iwo anati nawonso anachotsedwa ntchito ife titangochoka, ndipo tsopano ali ndi kashopu ku Industrial Area, kumene ali ndi makina opulinta zinthu zogwirika monga tizipangizo ta mapampu. Mumtima ndinati ukalamba wayamba kuwasokoneza. Komabe wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinawatsatira.

Anayeza chikombolecho n'kuchijambula pakompyuta. Kenako makina anayamba kulavula kaulusi ka pulasitiki kotentha, mzere pamwamba pa mzere, monga amachitira woumba mbiya. Nditabwerako mawa lake anandipatsa mutu wathunthu, wopepuka, wosalala. Ine ndinapempha mtengo, ndalandira pulasitiki, kudzera mwa munthu amene ndinkamusungira chakukhosi. Sindinadziwe ngati ndithokoze Mulungu kapena ndipitirize kupemphera.

Apa ndi pamene tonse awiri tinaphonya. A Mweemba anali asanapangepo chipewa, ine ndinali ndisanagwirepo ntchito ndi pulasitiki, choncho za nthunzi palibe anazitchula. Kunyumba ndinayala nsalu ya amayi busa, nsalu yodula imene anaisankha okha, n'kuiwomba ndi ketulo monga mwa masiku onse. Pokoka ndinangomva chikombole chikufewa m'manja, mbali imodzi n'kulowa pansi. Chitazizira chinaumanso, koma chopendekeka. Chipewa chinatuluka mbali ina yokwera, ina yogwera pakhutu, ndipo nsalu inali itadulidwa kale. Ndinakhala pansi n'kufunsa Mulungu ngati ankandiseka. Anandiyankhiranji ngati yankho lake linali lodzasungunuka?

Ndinanyamula chipewacho kupita kwa amayi busa kukapepesa. Ndisanamalize kufotokoza anachilanda, n'kuchivala, n'kuima pagalasi. Anatembenuza khosi uku ndi uku.

"Bana Chipo, ichi mwachipanga shani?" anatero, ponditchula ndi dzina la mwana wanga, akufuna kudziwa mmene ndachipangira. "Vonse nifuna vinkale so. Musaongole ata chimozi."

Ndinatuluka m'nyumbamo. Ndinabwerera kwa a Mweemba n'kuwapempha kuti andipulintire zikombole zina zopendekeka chimodzimodzi, koma za ulusi wopirira kutentha. Anachitembenuza chikombole chowonongekacho, nawonso atasokonezeka.

"Manje ba sisita, mufuna nikonze olo niononge?"

"Ba Mweemba, naine siniziba. Pangani chabe mwamene chilili."

Anaseka mpaka misozi, ndipo ndinazindikira kuti nanenso ndikuseka nawo, munthu amene ndinali ndisanamupatse moni chichokereni pafakitale. Tsiku la ukwati azakhali onse analowa m'tchalitchi zipewa zitapendekera mbali imodzi, ndipo mwambo usanathe amayi ena anali atayamba kale kundikodola.

Ndikuthokoza Mulungu amene anapulumutsa ntchito yanga, n'kundichotseranso chidani chimene sindinamupemphe n'komwe kuti achotse. Musandifunse kuti anazichita bwanji, chifukwa ine ndinangoona pulasitiki ikusungunuka. Inu amene mukulira lero, limbikani kupemphera. Ndipo yankho likafika losafanana ndi zimene munapempha, musathamangire kukalitaya kudzala. Ambuye akudalitseni nonse.